Mapini Pamsana pa Adona

Chinthu choyamba chimene Asizasi anaona chinali chaching'ono, choti munthu wina akanangochipitirira. Mapini onse amene anawasiya pamsana pa Adona dzulo lake anali atazulidwa, ndipo wina anali atawandandalika bwinobwino m'kambale, mitu yonse italoza mbali imodzi.

Asizasi anali telala. Dzinali sanalipeze chifukwa cha sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu, koma chifukwa cha pakamwa pawo, pamene pankadula munthu mosaphonya mzere. Adona anali chidole choyezerapo zovala: thunthu la mzimayi lokutidwa ndi nsalu yotuwa, lopanda mutu, lopanda manja, loima pa mwendo umodzi wachitsulo. Makasitomala ankawapatsa moni polowa, ndipo ena ankanena kuti mushopu monsemo Adona okha ndiwo anali ndi ulemu.

Kumbuyo kwa shopuyo kunali zipinda ziwiri. China ankagonamo Asizasi, china mlamu wawo, mkazi wa mchimwene wawo wamng'ono. Mchimweneyo ankayendetsa thiraki, ndipo anali atapita kutali kukagwira ntchito ya miyezi yambiri. Tsiku lonyamuka anaimirira pakhomo, chikwama chili paphewa, nati, "Achemwali, mundisungire munthuyu." Makolo awo anamwalira kalekale, m'banja mwawo anatsala awiri okhawo, choncho Asizasi anavomera, ngakhale anavomera kukamwa kutapotoka.

Mlamuyo anali mtsikana wachete, woyenda ngati akupepesa pansi pamene wapondapo. Loweruka lililonse ankapita kumaphunziro osisita anthu thupi, ndipo lamulo la Asizasi linali limodzi: dzuwa lisakulowere panjira.

"Mlamu, mapini awa wazula ndiwe?"

Mtsikanayo anayang'ana tsache limene linali m'manja mwake. "Mwina anagwa okha, alamu."

"Anagwa okha n'kudzifola pamzere ngati asilikali?"

Mlamu anapitiriza kusesa malo amene anali atasesa kale.

M'mawa wotsatira Adona, amene ankaima pawindo kuyang'ana msewu, anapezeka atatembenukira kukhoma. Mmawa wina choko cholembera pansalu chinapezeka chitafupika, chitanyowa kunsonga. Kenako kunadza mmawa umene Asizasi analowa mushopu kukadali kachisisira, akufufuza machesi ndi dzanja chifukwa magetsi anali atazima, ndipo dzanjalo linagwera pa chinthu chofewa, chachitali, chogona chafufumimba pa tebulo lodulirapo nsalu. Anaima osapuma. Kunja kunali zii, kupatula madontho a mpopi amene ankagwera mu ndowa kuseri, limodzi, kenako lina, mochedwa ngati munthu akuganiza kaye. Atayatsa kandulo anaona kuti anali Adona, atachotsedwa pa mwendo wawo, atafunditsidwa nsalu ya kasitomala mpaka m'khosi. Pamsana pawo panali pofunda ngati pamene pangochoka munthu.

Asizasi sanakuwe. Anatuluka chafutambuyo n'kukagogoda kwa aneba.

Anebawo anali bambo wometa tsitsi. Shopu yawo inalekana ndi ya Asizasi ndi khoma la matabwa lokha, ndipo anthu ankawatcha Awailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana inkakhala itamveka kumsika ili ndi miyendo yowonjezera. Anabwera akumanga mabatani a shati, nachotsa nsalu ija ndi nsonga ya chipeso.

Pa nsalu yotuwa ya pamsana panali zolembalemba za choko, zofufutidwa koma zosatheratu. Pakati pa mapewa panali chinthu chonga nambala seveni yotembenuka, mchira wake utadzikulunga ngati chigoba cha nkhono. Kutsika ndi msana kunali china chachitali, cha timizere tambirimbiri todutsana, ngati makwerero amene agwa n'kuthyokathyoka.

Awailesi anaimba kalikhweru kotsika. "Aneba, ine ndameta mitu yamitundumitundu, ina ya anthu oopsa, koma zilembo izi sindinazionepo. Ichi chozungulirachi ndi msewu. Chinthu chimalowera apa, n'kuzungulira, n'kuzungulira, mpaka kufika pamtima."

"Adona alibe mtima. Muli thonje ndi utuchi."

"Ndiye n'chifukwa chake akufunafuna wa munthu wina." Anatsitsa mawu. "Sindinafune kukuuzani, poti mumandinena kuti ndine wamabodza. Madzulo inu mukangogona, muno mumamveka kunong'ona. Mawu a mzimayi, chilankhulo chosadziwika, ndipo chilichonse amachinena katatu. Kenako zii, nthawi yaitali. Kenako kupuma."

"Akupuma ndani?"

Awailesi anayang'ana Adona. Asizasi nawo anayang'ana Adona. Onse awiri anasunthira chakukhomo.

Asizasi ankagona msanga, nthawi ya nkhuku, ndipo akagona ankagona ngati mwala. Anayesa kudikirira madzulo amenewo, atakhala pabedi tsonga, makutu ali kushopu. Anamva denga likulira pozizira, anamva khoswe akukoka kanthu kuseri kwa kabati, anamva Awailesi akutsuka makina ometera. M'chipinda cha mlamu munali chete, chete wa munthu amene nayenso akumvetsera. Palibe chimene chinachitika. Anadzidzimuka kutacha, khosi litauma, ndipo mapini anali m'kambale.

Masiku omwewo mchimwene wawo anayamba kudwala. Anaimba foni masana, mawu ake akumveka pamodzi ndi kulira kwa injini.

"Achemwali, msana ukundimaliza. Koma ndi matenda achilendo. M'mawa ndimadzuka bwinobwino, ngati mwana. Ndikangoyamba ulendo, dzuwa likakwera, chimayamba kundibaya. Pansi pa phewa, kenako m'chiuno, kenako pansi pa phewa pomwe paja. Ngati singano."

"Wapita kuchipatala?"

"Andiunika, akuti palibe chilichonse. Abwana akuti ndikapitiriza kuimaima panjira apatsa thiraki munthu wina."

Asizasi anali atapana foni ndi phewa, mapini atatu ali pakamwa, akukonza jekete pa Adona. Anabaya pini imodzi mwamphamvu chifukwa cha nkhawa.

"Ayi, icho chayambanso," anatero mchimwene wawo, foni n'kuduka.

Asizasi sanaganizepo kanthu. Amene anaganiza anali Awailesi, tsiku limene Adona anapezeka m'mawa atavala shati ya mizeremizere, yaikulu, yong'ambika pakolala, imene aliyense mumsewumo ankaidziwa kuti ndi ya adalaivala.

"Aneba, kodi mukufuna ndikujambulireni pagalasi? Shati ndi ya mwamuna wake. Zilembo zili pamsana. Mwamuna akudwala msana. Ine sukulu sindinapite patali, koma samu iyi ndakhoza."

"Mtsikana uja amaopa ndi mphemvu yomwe."

"Achete ndi omwewo. Ife olongolola tilibe nthawi, timakhala titatopa."

Pofika madzulo nkhani inali itayenda. Ena ankati chidole cha atelala chimayenda chokha kukatunga madzi. Ena ankati chinamera mutu, ndipo mutuwo unali ndi ndevu. Mayi wina amene anasoketsa diresi la ukwati la mwana wake anabwera n'kuima pakhomo, osalowa, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Diresi la mwana wanga lisakhudze chinthu chimenecho."

"Nanga ndiliyezere pa chiyani, mayi? Mwana wanu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera amakhala atanenepa kwina."

"Ndiye chotsani amene akuchita zimenezi m'nyumba mwanu. Apo ayi ndidzatenga nsalu yanga."

Ena awiri anatenga nsalu zawo osanena n'komwe chifukwa.

Madzulo amenewo Asizasi anakwera pampando, natsitsa sutikesi ya mlamu pamwamba pa kabati, naipukuta fumbi, naiika pakhomo pa chipinda chake. Mlamu anaiona, anailambalala ngati galu wogona, nakatsuka mbale kwa nthawi yaitali. Asizasi anakhala pa makina osokera osapalasa. Akamuthamangitsa mtsikanayu popanda umboni, mchimwene wawo sadzapondanso pakhomo pano. Akamusunga, shopu ifa, mwinanso mchimwene yemweyo. Anafuna kuona ndi maso awo.

"Vuto ndi lakuti sayamba inu musanagone," anatero Awailesi. "Amadikira mkonono."

"Ine sindiliza mkonono."

Awailesi anatulutsa foni m'thumba, naidina. Munatuluka phokoso ngati la munthu akucheka thabwa lonyowa ndi sowo yobuntha, n'kupumira, n'kuyambiranso mokwiya.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndi inuyo, aneba. Ndinajambula kalekale kudzera pakhomali. Makasitomala amaikonda, ana akamalira pometedwa ndimawaikira."

Asizasi anatambasula dzanja. "Nkhani iyi tidzaikamba mfiti ikagwidwa. Bweretsani foniyo."

Magetsi anazimanso madzulo amenewo kutangoda. Asizasi anatsanzika mokweza kuti akukagona, anaika foni ya Awailesi pansi pa bulangete, anaidina, n'kutulukira pawindo movutikira, chifukwa windolo linapangidwa iwo asananenepe. Anazungulira nyumba, nalowera khomo la kumsewu. Anakwawira pansi pa tebulo lodulirapo, pakati pa matumba a zidutswa za nsalu. Awailesi anaima kuseri kwa masuti opachikidwa, atagwira botolo la sipiriti wopopera m'mutu, poti ndicho chida chokha chimene anali nacho.

Mdima wa mushopumo unali wothithikana, wonunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Kuwala kochepa kochokera mumsewu kunkagwera pa mapewa a Adona, ndipo pamene panayenera kukhala mutu panali mdima wokhawokha. Galimoto ikadutsa, chithunzithunzi cha thunthulo chinkayenda pakhoma kuchokera kungodya ina kufika ina, n'kubwerera pamalo pake mwakachetechete. Kuchipinda mkonono unkacheka matabwa ake. Asizasi anaumvetsera ndi manyazi, komanso ndi kaulemu pang'ono.

Chitseko chapakati chinalira pang'onopang'ono.

Kunabwera kandulo, kenako dzanja, kenako mlamu, wopanda nsapato, shati ya mizeremizere ili pamkono. Anaika kandulo pa makina. Anaima patsogolo pa Adona, naphatikiza manja pachifuwa, natseka maso. Atatero anayamba kuzula mapini amene Asizasi anabaya masana, imodziimodzi, ndipo pa pini iliyonse ankanong'ona kuti, "Pepani." Anawaveka Adona shati, anawanyamula mowakumbatira, n'kuwagoneka pa tebulo. Thabwa linalira pamwamba penipeni pa mutu wa Asizasi.

Kuchokera pansipo Asizasi ankangoona mapazi a mlamu ndi chithunzithunzi chake pakhoma. Chithunzithunzicho chinatukula dzanja n'kuyamba kulemba m'malere: mzere wopingasa, mzere wotsika, kenako kuzungulira, kuzungulira, kulowa mkati.

"Cho ku rei," ananong'ona mlamu. "Cho ku rei. Cho ku rei."

Tsitsi la Asizasi linaima pansi pa duku. Kuseri kwa masuti hang'ala imodzi inayamba kugogoda inzake, ngati mano.

Dzanja linayambanso kulemba china chachitali, linafika pakati, linaima. Linayambiranso, linaimanso. Mlamu anausa moyo, anatenga choko, nachinyambita kunsonga. Kunamveka kukwecha kwa choko pa nsalu, timizere tambirimbiri. Kenako anatchula dzina la mwamuna wake katatu, momveka bwino, naika manja onse awiri pamsana pa Adona, n'kungokhala chete.

Chete ameneyo anatalika. Kandulo inkanjenjemera. Asizasi anamva mlamu akupuma mozama, ndipo anayamba kukhulupirira kuti akumva kupuma kwachiwiri, kochedwerapo, kochokera m'thonje ndi utuchi.

Pamenepo mkonono wa kuchipinda unaduka. M'malo mwake, kuchokera pabedi la Asizasi, munamveka mawu a Awailesi ojambulidwa mu foni muja, okondwa kwambiri: "Mwamva? Ameneyotu ndi munthu wamkazi, akuluakulu." Ndipo gulu la amuna linaseka m'chipindamo.

Mlamu anakuwa, nalumphira kumbuyo, nagwera m'masuti. Masuti anamugwira ndi manja a munthu n'kumupopera sipiriti kumaso. Asizasi anadzuka mwamphamvu ataiwala kuti ali pansi pa tebulo, tebulo linatukuka, ndipo Adona anagubuduka n'kukagwa pansi ndi msana. Kandulo yokha ndi imene inakhala pamalo pake.

Patapita kanthawi onse atatu anali atakhala pansi. Mlamu ankapukuta maso ndi shati ya mwamuna wake, Asizasi atagwira pa liwombo.

"Yankhula," anatero Asizasi. "Mchimwene wanga wakulakwira chiyani?"

"Sindikumulodza, alamu. Ndikumuchiritsa."

"Ndi choko changa?"

Mawu a mlamu ankatuluka pang'onopang'ono, ngati ulusi wokodwa mu bobini. Anati kumaphunziro kuja, kuwonjezera pa kusisita, aphunzitsi awo ankaphunzitsanso njira ina yotchedwa Reiki, yongoika manja pa munthu kuti mphamvu ya moyo idutse n'kupita pamene pakupweteka. Ofika gawo lachiwiri amapatsidwa zizindikiro. Chozungulira chija ndi cha mphamvu, chili ngati switchi: ukachilemba, wayatsa. Pali china chokhazika mtima pansi. Chachitali chija ndi mlatho, chotumizira machiritso kwa munthu amene ali kutali, chifukwa kwa chizindikirocho kulibe kutali.

"Ngati kutumiza mayunitsi," anatero Awailesi.

"Khalani chete inu. Nanga bwanji osandiuza?"

"Aphunzitsi anati zizindikirozi n'zopatulika, sitionetsa munthu amene sanaphunzire. Mapepala amene tinaphunzirirapo anawatentha tikuona. Timayenera kulemba m'malere, kuchokera m'mutu. Koma chachitalicho chili ndi timizere tambiri, alamu, ndimasokonezeka pakati, ndipo poyamba chozungulira chomwe chinkandivuta. Ndiye ndimayamba ndalemba ndi choko, ndikatha ndimafufuta." Anayang'ana pansi. "Komanso ndimakuopani."

Asizasi sanatsutse zimenezo. "Mwini wake akudziwa?"

"Sitimutumizira munthu asanalole. Ndinamufunsa. Anati nditumize chilichonse chimene sichimulipiritsa kolandirira."

"Ameneyo ndi iyeyo," anavomereza Asizasi. "Nanga Adona alowapo bwanji?"

"Pamafunika chinthu choimira munthuyo, choti uikepo manja. Anzanga amagwiritsa ntchito pilo. Ndinayesa, koma pilo alibe msana, sudziwa kuti phewa lili pati. Adona ali ndi zonse. Ndimangowauza kuti kuyambira tsopano ndinu uje."

"Mchimwene wanga, chimunthu chonse chija, n'kukhala Adona? Ndi chifuwa chimenechi?"

"Ndimawagoneka chafufumimba, alamu."

Awailesi anasendera pafupi. Ankayang'ana kambale ka mapini. "Mlamu, ukatha kuwauza kuti ndinu uje, umadzawauzanso kuti basi, bwererani mukhale Adona?"

"Pali njira yotsekera. Amaphunzitsa kumapeto kwa kalasi."

"Ndiye umatseka?"

"Kumapeto sindikhalako. Ndimatuluka msanga kuti dzuwa lisandilowere panjira."

Mpopi wa kuseri unadontha kawiri.

"Dikirani ndiwerengere," anatero Awailesi, akuwongola miyendo. "Madzulo mlamu amatsegula mlatho, adalaivala amagona bwino, amadzuka ngati mwana. Mlatho sutsekedwa. Kukacha, munthu wina amatenga mapini, n'kuyamba pansi pa phewa, kenako m'chiuno, tsiku lonse, akuimba nyimbo za kwaya." Anatembenukira kwa Asizasi mwaulemu waukulu. "Aneba, mfiti ija taipeza."

"Ndikudulani lilime ndi sizasi yodulira jinzi."

Koma mawuwo analibe mphamvu. Asizasi ankayang'ana Adona, amene anali chigonere pamene anagwera. Anadzuka, anawanyamula mosamala ngati wodwala, nawakhazika pampando wa makasitomala. Usiku umenewo mkonono sunamveke.

Kutacha, foni inalira. Anali mchimwene wawo, akuseka.

"Achemwali, matenda aja apezeka. Amakaniko amakonza mpando wa thiraki, apeza sipuling'i itathyoka, waya wake utatulukira mkati mwa siponji. Ndikakhala nthawi yaitali umandibaya, ndikasuntha umabaya pena. Auchotsa. Anthu tikanafa ndi mantha chifukwa cha kawaya."

"Usiku sunagwe pabedi?"

"Ndinagona m'thiraki, ndigwera kuti? Mwatani kodi?"

"Palibe. Yendetsa bwino."

Asizasi anaika foni pansi, ndipo mantha atachoka, pamalo pake panabwera mkwiyo. Anakumbukira windo limene linawakanda m'nthiti, chotupa cha pa liwombo, makasitomala amene anathawa, ndi mkonono wawo umene unali kale pakamwa pa msewu wonse. Anamuitana mlamu.

"Wamva? Kawaya. Palibe mlatho, palibe switchi. Wandithamangitsira anthu chifukwa cha masewera a ana. Sutikesi ija ilongedze. Loweruka ukwera basi, ukamudikire mwamuna wako kwanu. Ndimuuza ndekha."

Mlamu anangoti, "Chabwino, alamu," nalowa kuchipinda. Posakhalitsa kunamveka zipi ya sutikesi, ndi kufwenthera kumene munthu amayesa kukubisa.

Asizasi anatsegula mawindo onse. Anapukuta msana wa Adona ndi kansalu konyowa mpaka choko chonse chinatha, anawabwezera pa mwendo wawo wachitsulo, natumiza uthenga kwa mayi wa mkwatibwi kuti vuto lachoka m'nyumba. Kenako anatulutsa diresi la ukwati. Linali loyera, la mikanda pachifuwa, lomanga ndi zingwe kumsana. Analiveka pa Adona, anayala chovala chake chakumunsi kuti chigwe bwino, n'kuyamba kukoka zingwe. Mkwatibwi ankafuna chiuno cha mavu, ndipo Asizasi anali ndi mkwiyo wokwanira kumupatsa. Anaponda mwendo wa Adona, anakoka, anakokanso, mpaka utuchi unalira mkati.

Foni inalira.

"Achemwali." Mawu a mchimwene wawo anali opanikizika, otuluka m'zidutswa. "Ndaima pambali pa msewu. Sindikupuma bwino. Ngati wina wandimanga m'nthiti. Ndamasula lamba, ndavula shati, sizikusintha."

Asizasi anayang'ana zingwe zimene zinali zitakulungidwa m'dzanja lawo.

"Si waya wina?" anafunsa motsitsa.

"Ndatsika m'thiraki, ndaima panja. Koma achemwali, pali chinanso. Musauze munthu." Anapuma movutikira. "Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndikudzimva kukongola kwambiri."

Mphepo yolowera pawindo inagwedeza chovala chakumunsi cha diresi, ndipo mikanda ya pachifuwa inaphethira ndi dzuwa. Kuseri kwa khoma la matabwa makina ometera anali atazima, chizindikiro chakuti khutu linali pathabwa.

Asizasi anamasula zingwe pang'onopang'ono, bowo limodzilimodzi, ndi zala zofewa zimene kasitomala aliyense anali asanazionepo.

"Pano bwanji?"

"Aa. Zikusintha. Zasintha ndithu. Mwina unali mpweya wa m'mimba."

"Unali mpweya. Imwa madzi."

Anadula foni. Anavula Adona diresi lija, nawafunditsa shawelo yawo ya kutchalitchi, poti kunja kunali kamphepo. Anatenga kambale ka mapini n'kukatsekera mu dirowa. Kenako anapita kukaima pakhomo pa chipinda cha mlamu, amene anali atagwada pa sutikesi kuti itsekeke.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikulongedza, alamu."

"Wakuuza ndani kuti uchite changu chotero? Tulutsa zovalazo, zikwinyika. Sutikesi ibwerere pamwamba pa kabati." Anakhosomola. "Kalasi yanu ija imatha nthawi yanji?"

"Kutada, alamu."

"Loweruka ukakhale mpaka kumapeto. Ukakhale kutsogolo, umvetsetse bwino za kutsekazo, ufunse mafunso. Ndidzabwera kudzakutenga ndekha ndi tochi."

"Nanga diresi la ukwati muliyezera pa chiyani?"

Asizasi anaganiza pang'ono, kenako anamenya khoma la matabwa ndi chikhatho, pamalo penipeni pamene ankadziwa kuti pali khutu.

"Aneba, bwerani kuno. Muli ndi chiuno chabwino, ndipo nkhani ya mkonono ija sitinaikambe."